Nambala ya 0.05 si chidindo cha choonadi

Ndikamawerenga malipoti a kafukufuku, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ulemu umene anthu amaupereka kwa nambala ya 0.05. P-value, nambala imene ofufuza amagwiritsa ntchito poona ngati zotsatira zingakhale zangozi chabe, ikatsika pansi pa 0.05 amati nkhani yatsimikizika, ndipo ikapitirira pang'ono chabe amati palibe chimene chapezeka, ngati kuti pakati pa 0.049 ndi 0.051 pali phompho lalikulu.

Kuti timvetse gwero la zimenezi, tiyenera kubwerera kwa Ronald Fisher, katswiri wa masamu a ziwerengero amene anagwirapo ntchito ku Rothamsted, malo ochitira kafukufuku wa zaulimi m'dziko la England. M'chaka cha 1935 iye anafotokoza za mayi wina amene ankati akalawa tiyi amadziwa ngati mkaka unayamba kuthiridwa m'kapu kapena unathiridwa pambuyo. Mayeso ake anali a makapu 8, anayi oyamba ndi mkaka ndi anayi oyamba ndi tiyi, osakanizidwa mwachisawawa, ndipo mayiyo ankayenera kusankha anayi oyamba ndi mkaka. Woyesa amayamba ndi ganizo loti mayiyo sasiyanitsa kanthu, akungolota basi, ndipo ganizo limeneli ndilo null hypothesis. Pali njira 70 zosankhira makapu anayi mwa makapu 8, koma yolondola ndi imodzi yokha, choncho munthu wongolota angakhoze onse pa mwayi umodzi mwa 70, umene ndi pafupifupi 1.4 peresenti, ndipo imeneyi ndiyo p-value yake ngati mayiyo wakhoza makapu onse. Koma akaphonya kapu imodzi yokha zinthu zimasintha kwambiri, chifukwa mwayi wokhoza makapu atatu kapena onse anayi mongolota ndi 17 mwa 70, pafupifupi 24 peresenti, ndipo zotere sizingadabwitse munthu.

P-value imayankha funso limodzi lokha: ngati palibedi kusiyana kulikonse, kodi zotsatira zonga zimene taonazi, kapena zoposa pamenepa, zingachitike kangati mwangozi? Siyinena kuti mwayi woti mayiyo akungolota ndi 1.4 peresenti. Mafunso awiriwa ndi osiyana, ndipo kuwasokoneza ndi cholakwa chofala ngakhale pakati pa ophunzira kwambiri, mpaka bungwe la American Statistical Association linatulutsa chikalata chochenjeza za zimenezi mu 2016.

Malire a 0.05, kapena kuti 5 peresenti, anatchuka chifukwa Fisher anawatchula m'buku lake la 1925 ngati muyezo wosavuta kugwiritsa ntchito, osati lamulo la chilengedwe. Mu 1933 akatswiri ena a masamu a ziwerengero, Jerzy Neyman ndi Egon Pearson, anaonetsa bwino kuti pali njira ziwiri zolakwira: kunena kuti pali kusiyana pamene palibe, ndi kulephera kuona kusiyana kumene kulipodi. Amene wasankha 0.05 wavomereza kulakwa kwa mtundu woyamba kamodzi pa maulendo 20 alionse pamene palibe kanthu. Akatsitsa malirewo kufika pa 0.01 amachepetsa kulakwa koteroko, komatu amawonjezera kwachiwiri kuja, pokhapokha atachulukitsa anthu kapena zinthu zimene akuyesa. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti malirewa ayenera kusankhidwa mayeso asanayambe, poganizira kuti kulakwitsa kungawononge chiyani. Mwachitsanzo, asayansi a ku CERN, malo aakulu ofufuzira za sayansi ku Ulaya, polengeza mu 2012 za kupezeka kwa kanthu kochepetsetsa kotchedwa Higgs boson, anatsata muyezo wokhwima wa mwayi umodzi mwa pafupifupi 3.5 miliyoni.

Pali msampha wina umene umandipweteka mtima, chifukwa umakola ngakhale ofufuza achilungamo. Munthu akachita mayeso 20 osadalirana pa zinthu zimene zilibe kusiyana kulikonse, mwayi woti mayeso amodzi kapena angapo atsike pansi pa 0.05 mwangozi ndi pafupifupi 64 peresenti. Akalemba za amodziwo n'kusiya 19 otsalawo, wowerenga amanamizika, ngakhale kuti palibe nambala yabodza imene yalembedwa.

Komanso p-value yaying'ono sikutanthauza kuti kusiyanako ndi kwakukulu. Mankhwala oyesedwa pa anthu zikwi zambiri angapereke p-value yochepetsetsa pamene akutsitsa kuthamanga kwa magazi pang'ono kwambiri moti wodwala sangapindule kalikonse. Choncho ndikapeza lipoti lakuti zotsatira zadutsa malire a 0.05, ndimafunafuna kukula kwa kusiyanako, chiwerengero cha anthu oyesedwa, ndiponso kuchuluka kwa mayeso onse amene ofufuzawo anachita asanasankhe amene awalembawo.