Mmene tinayambira bandi tili Fomu 3, opanda ngakhale gitala yathu

Achinyamata akandifunsa za bandi amathamangira funso la zida: gitala tikaigula kuti, kiyibodi ndi ndalama zingati. Ife tinayamba tili Fomu 3 pa sekondale ina yogonera komweko, ndipo zida zathu zinali desiki, ndowa ya pulasitiki ndi pakamwa basi. Zida zinabwera pambuyo. Chimene chinatisautsa kwambiri ndi anthu, nthawi, ndi kumvana tokhatokha.

Yambani ndi wa ng'oma. Pa sukulu iliyonse pamakhala mnyamata wosakhazikika, amene aphunzitsi akangotuluka amayamba kugogoda desiki. Musamutenge msanga. Muuzeni amenye chinthu chimodzimodzi kwa mphindi zitatu, inu mukuomba m'manja pang'onopang'ono. Ambiri amayamba bwino, pakatikati n'kuyamba kuthamanga, ena n'kumathira zokometsera paliponse kuti muwaone. Amene tinamusankha ife anali wofatsa, wosadziwika n'komwe pa sukulupo, koma akagwira liwiro sankasuntha. Woimba mawu tinamupeza m'kwaya, mtsikana wa Fomu 2. Mnzanga wapamtima amene ndinkadya naye mbale imodzi anafunitsitsa kulowa, koma khutu analibe. Tinamupatsa kope kuti azisunga ndalama ndi zida, ndipo ntchito imeneyo anaigwira bwino kuposa mmene ena tinkaimbira.

Kenako pezani mphunzitsi woti akuimireni. Ku sekondale simungadzitsekere m'kalasi n'kumasokosa popanda chilolezo, makamaka muli anyamata ndi atsikana pamodzi. Tinapita kwa aphunzitsi amene ankayang'anira kwaya. "Sala, tabwera kudzapempha kuti mukhale patironi wathu, mutilankhulireko kwa ahedi." Anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kutiuza mfundo zawo: nthawi ya pulepu palibe kugwira chida, kuyeserera ndi Loweruka masana ndi Lamlungu tikaweruka ku mapemphero, ndipo wina akangotsika m'kalasi teremu imeneyo, bandi yonse yaima. Lamulo lomalizali linatipangitsa kumalondana masamu. Wa ng'oma uja ankavutika ndi Physical Science, moti ena tinkakhala naye usiku kumuthandiza, poopa kuti atithera bandi.

Za zida, khomo loyamba kugogoda ndi la mpingo. Magulu a mapemphero a ana asukulu monga SCOM ndi YCS nthawi zambiri amakhala ndi kiyibodi kapena gitala, ndipo njira imeneyi si yachilendo kuno kwathu: Alleluya Band ya ku Balaka inayambira pa parishi ya Katolika mu 1978. Ife tinagwirizana nawo kuti tiziimba pa mapemphero a Lamlungu, iwo azitibwereka kiyibodi masana. Mukabwereka chida bwezani chili chopukuta, mawaya atakulungidwa bwino, pa nthawi imene munapangana. Mukachedwetsa kamodzi, sabata yotsatira mudzamva kuti wosunga kiyi wachokapo.

Zina tinapanga tokha pa holide. Banjo yathu inali ya chigubu chachitsulo cha mafuta, thabwa la mkono lolowetsedwa kudutsa chigubucho, ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga. Wayayo mumamasula tizingwe take kamodzikamodzi, n'kusankha tosapindika. Zomangira nsambo zinali timitengo tosema, tolowetsa m'mabowo obowola ndi msomali wamoto. Povuta ndi poika mafureti, timawaya topingasa pa mkono pamene mumadina nsambo kuti mawu asinthe. Mukangoyerekeza ndi maso, chidacho chimanama kuyambira pakati kupita mmunsi. Tinayeza kuchokera pamwamba pa mkono mpaka pa kamtengo kotsamira nsambo, n'kuika chizindikiro pakati penipeni, chifukwa pamenepo nsambo iyenera kulira mawu omwewo koma okwera. Mafureti ena tinawapeza ndi khutu, tikufanizira ndi kiyibodi, tisanakhomere mawaya ake. Bezi inali babatoni, ya nsambo imodzi yokhuthala yomangidwa pa mtengo wautali ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Anthu amaiseka akaiona, koma ikalira m'holo imamveka mpaka pamimba.

Poyeserera, tsiku loyamba aliyense amafuna kuonetsa zimene amadziwa, ndiye mumangomva chiphokoso. Chimene chinatithandiza ndi kuwasiya awiri okha, wa ng'oma ndi wa bezi, aziimba ena tonse titakhala chete. Awiriwa akagwirana, ena mumangokwera pamwamba. Alowe wa banjo kapena gitala, kenako kiyibodi, mawu pomalizira. Tinasankha regge poyamba chifukwa imalekerera ophunzira: makodi (mawu angapo olizidwa pamodzi) atatu, G, C ndi D, amakufikitsani kutali, ndipo wa gitala amangodula pang'ono pakati pa kugunda kwa ng'oma. Manganje ndi beni tinadzayesa pambuyo, ndipo kunena zoona ndi zimene zinkadzutsa anthu pamipando kuposa regge yathu ija.

Musanayambe, chunani zida zonse kuchokera ku kiyibodi, chifukwa ndi yokhayo yosasintha. Nsambo za waya wa buleki zimamasuka dzuwa likatentha, ndiye muzichunanso pakati. Komanso ikani foni pakona ijambule zonse, mukamaliza mumvetsere limodzi. Foni siinyengerera munthu. Pamenepo ndi pamene wa kiyibodi anamva yekha kuti akukwirira mawu a woimba, chinthu chimene akanakana tikanamuuza pakamwa. Mkangano wa "aise, tsitsa pang'ono" sudzatha m'bandi iliyonse, koma umachepa aliyense akadzimva.

Nyimbo imodzi muiphike mpaka ipse musanagwire ina. Gwirizanani amene awerenge poyambira, kolasi ibwerezedwa kangati, ndiponso mathero ake. Mabandi a ana asukulu ambiri amagwa pa mathero: wina waleka, wina akupitiriza, wa ng'oma akuyang'ana uku ndi uku. Ife chizindikiro chathu chinali choti woimba akakweza dzanja, kwatsala kolasi imodzi.

Koyamba kuonekera kunali pa variety show ya pa sukulu. Pemphani kulowa m'holo masana kuti muyese maiki ndi masipika anthu asanabwere, ndipo konzekerani nyimbo imodzi yoti ingaimbike magetsi atazima. Kwa ife anazimadi, ndipo banjo, babatoni ndi ng'oma zinatipulumutsa pamene ovina za pa sipika anangokhala pansi.

Ndalama zikayamba kubwera, ngakhale zochepa, ubwenzi umayesedwa. Zathu zoyamba zinachokera pa chinkhoswe cha mchemwali wa mmodzi wa ife, pa holide. Tisanapite tinalemba m'kope kuti gawo limodzi ndi la thumba la bandi, logulira nsambo, mabatire ndi thiransipoti, zotsalazo tigawane mofanana, wosunga kope yemwe. Lembaninso amene anapeka nyimbo iliyonse, wa mawu ndi wa maimbidwe. Lero zikuoneka zachibwana, koma tsiku limene mudzakalembetse nyimbo ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso limene linakhazikitsidwa mu 1992, adzafuna kudziwa mwini wake, chifukwa ndalama za nyimbo zoseweredwa pa wailesi zimatsata dzina limenelo.

Ku situdiyo musapite kukaphunzirira komweko. Pulodyusa amakuikani mahedifoni, n'kukuyatsirani kagogodo kosunga liwiro, ndipo nthawi zambiri amajambula mmodzimmodzi. Wa ng'oma wathu anadutsa mosavuta, enafe tinatuluka thukuta. Funsani mtengo musanalowe, mumve ngati kusakaniza mawu kuli momwemo, ndipo mutenge nyimbo yanu pa fulashi tsiku limene mwamaliza kulipira. Pulodyusa wina amafuna kuchotsa babatoni kuti aike bezi ya pa kompyuta. Ife tinakana, ndipo nyimboyo itayamba kuyenda pa WhatsApp anthu ankafunsa za chida chomwecho.

Fomu 4 ikafika chepetsani zonse. Patironi wathu anatsekera zida mu ofesi teremu yomaliza mpaka titalemba MSCE. Musanabalalike kambiranani za katundu: zobwereka zibwerere kwa eni ake, zogula ndi thumba la bandi zilembedwe kuti zikhala kwa yani. Ife tinasiya ng'oma ndi babatoni pa sukulu m'manja mwa woimba wathu, amene anali atatsala ndi chaka, ndipo iye anali atayamba kale kuyesa ana a Fomu 1 ogogoda madesiki.