Ulendo wa kwa anyani ku Trentham, ndi mlandu wa poto wa nkhuku

Abale ndi alongo a m'chipereganyu, a Tcheya andituma kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Trentham Monkey Forest, kuti amene anali pa shifiti tsiku lija asamangomva za m'maluwa, komanso kuti nkhani ya poto ithere pano. Pa WhatsApp yakula mokwanira.

Ku Manchester tinanyamuka mochedwa monga mwa mwambo wathu. Alamu anali atafika kale ndi minibasi pamene amalume ankasitabe malaya. Msewu wa M6 sunativute, tinapatukira cha ku Stoke-on-Trent, nyimbo za kwaya zisanathe n'komwe tinali titafika.

Pachipata anatiuza malamulo: m'nkhalango simulowa chakudya, nyani osamugwira, osamudyetsa, ndipo akayandikira umupatse mpata. Apa m'pamene zinadziwika kuti amalume adzaza mtedza wokazinga m'matumba onse a jekete. Atafunsidwa, anati iwo analeredwa bwino, sangapite kwa eni mudzi chimanjamanja. Mtedza unabwerera ku minibasi, ndipo amalume analowa atakwinya nkhope.

Mkatimo mulibe zikwere. Anyani okwana 140 amangodziyendera m'nkhalango ya maekala 60 yotchingidwa ndi mpanda, ndipo wokhala ndi malire ndi munthu, chifukwa suloledwa kuchoka m'kanjira. Agogo athu a ku Ntcheu anaima n'kugwira m'chiuno, amvekere: "Ine ndinakulira pansanja kupirikitsa anyani m'munda wa chimanga, lero ndalipira mapaundi kuti ndiwaone?" Koma ndi agogo omwewo amene tinachita kuwakoka potuluka.

Chinawagwira mtima ndi makanda. Tinapita mu Juni, nyengo imene anyaniwa amaswa, ndipo khanda limabadwa ndi ubweya wakuda pamene akuluakulu ndi otuwa mofiirira. Tinaona nyani wamkulu, wathupi, atanyamula khanda kumsana, tonse n'kumati ndi mayi wake. Mtsikana wotiperekeza anati ayi, ameneyo ndi wamphongo. Mtundu umenewu amphongo amalera ana, ngakhale ana amene si awo, ndipo wamphongo akafuna kuyanjana ndi mnzake amatenga khanda n'kupita nalo, awiriwo n'kuliyika pakati n'kumagwedeza milomo, mano akugundana. Amayi onse anatembenuka nthawi imodzi kuyang'ana achimwene athu aja amene mpaka lero sadziwa kumene kumakhala matewera kunyumba kwawo. Achimwene anayesa kuloza alamu kuti nawonso n'chimodzimodzi, koma a Tcheya anawadula: anyani sasekana zikundu.

Kugundanitsa mano kuja kunawaopsa asisi a ku Salford, anathawira kumbuyo kwa agogo poganiza kuti alumidwa. Chonsecho kumeneko n'kukondwa. Nyani wokwiya amakuyang'anitsitsa osaphethira, kukamwa atatsegula mozungulira, ndipo mnzake wotsika akaona zimenezo amadziwa yekha kuti asunthe.

Za maphunziro, poti a Tcheya anati ndisasiye: anyaniwa ndi a mtundu wa Barbary macaque, alibe mchira wooneka, ndipo kwawo ndi kumapiri a Morocco ndi Algeria, kumene kumagwa chipale m'nyengo yozizira. N'chifukwa chake ku Trentham amagona m'mitengo chaka chonse, ubweya umangokhuthala dzinja la kuno likamafika. Ena ali ku Gibraltar. Malowa anatsegulidwa mu 2005, ndipo ali pachibale ndi ena otere ku France ndi ku Germany. M'tchire anyaniwa atsala ochepa chifukwa nkhalango zikutha, komanso anthu amaba makanda kukagulitsa ngati ziweto kapena kukajambulitsa nawo alendo m'misika monga wa ku Marrakech. Mu 2016, pamsonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a anyaniwa pakati pa mayiko. Anyani aakazi amakhala m'gulu limene anabadwira moyo wonse ndipo ulemu amatengera kwa mayi awo, pamene amphongo akakula amasamukira gulu lina.

Mtsutso weniweni unabuka nthawi yodyetsa. Wogwira ntchito anabwera ndi ndowa n'kuyamba kumwaza zipatso, masamba ndi njere mu udzu, uku ndi uku. A Msungichuma, amene sapirira kuona chinthu chikutayika, anafunsa mokweza kuti bwanji osangoika m'beseni. Yankho lake linandikhalira m'mutu. Mukaunjika chakudya pamodzi, akuluakulu a gulu amachikhalira, kudzaza m'matumba a m'masaya, ofooka n'kugona ndi njala, ndipo zonse zimatha kanthawi kochepa. Kenako nyani atani tsiku lonse? Kutchire amatha maola ambiri akusakasaka, kutembenuza miyala, kusenda makungwa, kutola tizilombo. Mukamulanda ntchito imeneyo mwamulanda theka la moyo wake. Nyani wosungidwa yekha m'chikwere, ngakhale azidya bwino, amayamba kuzungulira malo amodzi, kudzigwedeza, kudzizula ubweya, ena mpaka kudziluma. Mankhwala ake aakulu ndi anzake: kusakana m'ubweya kumene ife timati akufunana nsabwe ndi kumene kumamanga ubale ndi kutsitsa mtima.

Asisi a ku Salford, mantha atatha, anati izi si zachilendo kwa ife ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba. Gogo mungamusambitse, kumudyetsa, kumupatsa mankhwala pa nthawi yake, koma akakhala tsiku lonse pampando wopanda womuyankhula kapena chogwira m'manja, amafota mukuona. Ambiri tinavomera. Ine ndinakumbuka pusi amene ndinkamuona ndili mwana, atamangidwa chingwe m'chiuno pamtengo wa mango kuseri kwa golosale ina, ana tikumuponyera zikonyo n'kumaseka mmene ankadzigwedezera. Tinkati akuvina. Otere ndi amene masiku ano amakathera ku Lilongwe Wildlife Centre, kumene ntchito yaikulu imakhala kuwaphunzitsanso kukhala ndi anyani anzawo.

Tsopano za poto. Titatuluka tinayala zitenje pamalo odyera, nsima yokulungidwa bwino ikadali yofunda, mpunga ulipo, kachumbari alipo, mandasi a agogo alipo. Nkhuku kulibe. Nkhuku zija tinasonkhera, za lokolo zenizeni zimene a Msungichuma anazisaka m'mashopu a halal, zinatsala pachitofu ku Manchester. A Msungichuma akuti anauza achimwene kuti anyamule. Achimwene akuti anamva "poto ali pakhomo", ndipo pakhomo anapeza chidebe cha thobwa, n'kunyamula chimenecho. Alamu akuti iwo ntchito yawo ndi chiwongolero. Mawu anakwera mpaka azungu a tebulo loyandikana anayamba kusonkhanitsa ana awo. Ine monga mlembi ndafunsa mbali zonse, ndipo chigamulo changa n'chakuti wolakwa ndi changu chimene tinanyamuka nacho, ndipo changucho anachititsa ndi malaya a amalume.

Komabe amene anatipulumutsa ndi amalume omwewo. Anapita ku minibasi mwakachetechete n'kubwera ndi mtedza uja, ndipo tinadyera nsima mtedza wokazinga ndi kachumbari, thobwa pamwamba. Sanatisiye osatikumbutsa, kangapo konse, kuti pachipata tinawaseka.

Zikomo alamu potiyendetsa bwino ndi kupirira kwaya. Zikomo agogo chifukwa cha mandasi, asisi a ku Salford chifukwa cha zithunzi, ngakhale zambiri mwatuluka msana wa amalume, ndi ana athu amene anasunga malamulo kuposa makolo awo. Nkhuku zija a Msungichuma anaziika mufiriji ndipo tidzadya pamsonkhano wa mwezi uno kwa a Tcheya. Achimwene ndiwo adzanyamule poto, ndipo amene sanamalize ya mafuta a minibasi abwere nayo tsiku lomwelo.