Bowa wa oyisitala: tasiya kufutsa, tikungoyanika

Majumbo a mapesi a chimanga ayamba kutulutsa bowa kachiwiri. Ochepa agwidwa chuku chobiriwira, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mapesi adanyowa mopitirira. Ukawafinya m'manja pazigwa madontho awiri kapena atatu basi. Majumbo oterowo atulutsidwe m'shedi msanga chukucho chisanafalikire.

Nkhani yaikulu pano ndi kasungidwe. Mu oyisitala muli zinthu ziwiri zimene ofufuza amazitchula pa zochepetsa kutupa m'thupi: ergothioneine, amene wasayansi wa ku France Charles Tanret adamupeza mu 1909, ndi ma beta-glucan a m'makoma a maselo a bowa. Thupi la munthu silipanga ergothioneine, limamutenga m'zakudya. Moto sumuwononga kwenikweni, koma amasungunuka m'madzi. Apa ndiye pali vuto la kufutsa. Ukawiritsa bowa n'kukhetsa madzi abulauni aja usanayanike, gawo lina la ergothioneine lapita nawo kudzala. Ma beta-glucan ambiri amatsala, chifukwa ndi omangika pamodzi ndi chitin, chinthu cholimba chija chochititsa tsinde kuvuta kutafuna.

Ndiye ulendo uno bowa sakuwiritsidwa. Timamudula pamene m'mphepete mwa chipewa musanapindikire m'mwamba, osatsuka, kungopukuta. Timang'amba ndi manja motsatira mizere ya kunsi kwa chipewa, tizidutswa tosaposa theka la sentimita kunenepa, n'kuyala pa lichero osasanjikiza, mizere ya kunsi itayang'ana dzuwa. Dzuwalo limasandutsa ergosterol, chinthu chopezeka m'bowa, kukhala vitamini D2, phindu lapadera. Wouma bwino amathyoka kuti tswa. Akamapindika ngati chikopa sanaume, ndipo m'botolo achita chuku. Kilogalamu imodzi ya wamuwisi imatsala magalamu pafupifupi 100. Nyengo ya mvula njira imeneyi imavuta, bowa amatha kuyamba kununkha asanaume, choncho pamafunika choumitsira cha pulasitiki chodutsa mphepo.

Pophika, muviikeni m'madzi ofunda mphindi 20, madzi omwewo apite mu mphika pamodzi ndi tomato ndi nsinjiro.

Tisakokomeze: kafukufuku wambiri wa bowa ndi kutupa adachitikira pa maselo a mu labotale ndi pa makoswe. Wodwala nyamakazi asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha ndiwo. Ndipo kusiya kufutsa kukukhudza oyisitala wolima yekha. Bowa wa kutchire ndi nkhani ina, pali mitundu imene madzi ake oyamba amatayidwa dala.