Malambe a kuseri kwa agogo andifikitsa chaka chomaliza ku Bunda

Lachisanu lapitali filiji yathu yoyendera sola inafika pa Ngabu. Anyamata anayi amene anaitsitsa pa lole anachita kufunsa ngati muli ng'ombe m'katimo. Mayi anangoti njo pakhomo, dzanja pakamwa, osatulutsa mawu. Ine ndinalowa kuchipinda kukalira kaye pang'ono, kenaka n'kutuluka kukawerenga ndalama ya anyamatawo ngati palibe chachitika. Lamlungu likubwerali ndikubwerera ku Bunda kukayamba chaka chomaliza, ndiye ndisanakwere basi ndati ndikuuzeni kumene filijiyi yachokera, poti ambiri a inu mumangoona mabotolo a jusi wa malambe pa Facebook pano.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, dimba lathu linasanduka mchenga wofika m'mawondo. Ndinali chaka choyamba ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda, ndipo ndalama ya sopo, ya ndiwo ndi ya thiransipoti inkachokera m'dimba momwemo. Nditabwera kutchuthi ndinapeza bambo aonda, mbuzi zatsala zisanu, thonje nalo silinachite bwino. Palibe amene anandiuza kuti ndisiye sukulu, koma nkhani ya fizi ikangoyamba aliyense ankayang'ana pansi.

Kuseri kwa nyumba ya agogo kuli mlambe woti ana asanu atagwirana manja sangauzungulire. Tili ana tinkaugenda, kuswa malambe pamwala, kubwira mpaka mano kuyayamira. Tsiku lina ndinatola dengu lonse, n'kuwauza agogo kuti ndikufuna kupanga jusi wogulitsa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ulendo wonse wa ku Lilongwe uja unapita kukaphunzira kugulitsa chakudya cha anyani?" Koma ataona mmene ndinkagwirira munsi anandilanda. Malambe sasinja ngati chimanga. Umachita kugunda mofewa kuti ufa usiyane ndi nthanga, nthangazo osaphwanyika, chifukwa zikaphwanyika ufa umada. Ukatero n'kusefa kawiri. Agogo anasinja madzulo onse akung'ung'udza, ndipo mabotolo 24 oyamba aja anatha pa depoti ya Ngabu dzuwa lisanafike paliwombo.

Sindinachedwe kuona pamene pagona phindu. Malambe amachuluka nyengo yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, pamene anthu safuna kwenikweni chakumwa chozizira. Jusi amayenda mu Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kuchigwa munthu amatuluka thukuta ali chikhalire pamthunzi ndipo usiku tonse timagona panja. Wogula malambe ali otchipa n'kuwasunga bwino mpaka dzuwa litalusa, ndiye amene amadya. Nzeruyo inali yoona. Koma ndinathamanga nayo ndilibe mpamba wanga.

Ndinakatenga katapila. Ndikunena poyera chifukwa ndikudziwa kuti pali anzanga apakoleji amene akuganiza zomwezo usiku uno. Ndinagula matumba 20 a malambe oswa kale kwa mkulu wina wa kumidzi ya kumadzulo, munthu wolankhula bwino, woti akamakuitana kuti "mwana wanga" umamva ngati ndi malume ako enieni. Ndinapisa dzanja pamwamba pa thumba lililonse, n'kupeza zouma bwinobwino. Tinasanja m'chipinda chaching'ono, ine n'kubwerera kusukulu mtima uli m'malo.

Foni inalira mu Okutobala, cha m'ma 10 koloko usiku, ndili kuhositelo mawa lake kuli mayeso. Mayi sanayambe ndi moni. Anati, "Mwanawe, khala pansi kaye." Kumbuyo kwawo ndinkamva mng'ono wanga akutsokomola. Anamasula matumba aja kuti ayambe kusinja, n'kupeza pakati ponse pali chuku, ufa wabiriwira, fungo la nyumba yodontha. Mkulu uja anathyola malambe asanaume, n'kuika ouma pamwamba pokha. Pa matumba 20, anapulumuka 6. Ndinakhala pamasitepe a hositelo mpaka tambala woyamba, buku lili pamiyendo, osawerenga ngakhale mzere umodzi.

Mwezi wotsatira, mu Novembala 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Shuga, amene nzimbe zake timaziona tsiku ndi tsiku pa Nchalo pomwepa, anakwera. Mabotolo ochokera ku Limbe anakwera. Mwini katapila yekha ndiye sanachedwe ndi tsiku limodzi lomwe. Anafika pakhomo ndi anyamata awiri n'kukusa mbuzi zitatu za bambo, anthu a m'mudzi akuonerera. Bwana, sindikutchulani dzina, koma ndikudziwa kuti mumawerenga tsamba lino chifukwa mwezi wathawu munatumiza mwana kudzagula mabotolo awiri. Anali okoma, eti? Nanunso achikulire a matumba aja, ndinamva kuti chaka chino mumandifunafuna. Ndilipo, koma thumba ndimalikhuthula lonse pamkeka ndisanapereke tambala.

Amene anatidzutsa ndi amayi a banki m'khonde ya kutchalitchi kwa mayi. Anatibwereka pang'ono, chiwongoladzanja chake chomveka, ndipo mmalo mobwera ndi anyamata ankabwera ndi sefa zawo kudzathandiza. Kusukulu nako ndinayamba kumvetsera ndi makutu ena. Ndikuphunzira za kakonzedwe ka chakudya, ndipo phunziro la chinyezi, limene anzanga ankawodzera, ine ndinkalilemba ngati kalata ya kumudzi. Lero timagula malambe osaswa. Lililonse timaligwedeza kukhutu, likamalira ngati chisekese ndiye kuti lauma. Timaswa tokha, ufa timasunga m'zigubu zotseka bwino pathandala, osati pansi. Madzi a jusi timawiritsa, mabotolo timatsuka ndi madzi otentha, chifukwa kuno kukutentha kwathu jusi wopangidwa mosasamala amasasa tsiku lomwelo, botolo n'kufufuma. Za tsiku ndi tsiku sindikutopetsani nazo, kudzuka 4 koloko n'kudzuka basi.

Chotsala chinali kuziziritsa. Tinkabwereka filiji kwa aneba, magetsi akazima tonse n'kumayang'ana kumwamba. Amene munali kuno namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 mukukumbukira mmene mdima unakhalira m'dziko muno. N'chifukwa chake ndinalumbira kuti filiji yathu yoyamba idzadya dzuwa, poti dzuwa ndiye tili nalo lotaya.

Tchuthi chino ndiye chandizunguza. Tinalandira oda ya mabotolo 300 a ukwati kutsidya kwa Shire, ku East Bank, ndipo ine ndi mng'ono wanga tinaganiza zodutsira ku Bangula n'kuwoloka pa Mtayamoyo pa bwato. Mabokosi oziziritsira tinawasanja pakati, mbali ino njinga ya munthu, mbali inayo mayi wina ndi nkhuku zake. Tili pakati pa madzi, wopalasa anangosiya kuimba. Chapatali pang'ono panatuluka timakutu tiwiri ndi mphuno, kenaka phuu, madzi m'mwamba. Mvuu. Mng'ono wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, ine n'kukumbatira bokosi la jusi ngati ndi mwana. Wopalasa anakhota mwakachetechete kutsata m'mbali mwa bango, ndipo titafika anangoseka n'kuti imeneyo ndi ya pomwepa, imawadziwa. Botolo loyamba la odayo anamwa ndi iye, ulere. Eni ukwati analandira 299 ndipo anamvetsa. Tchuthi chomwechi ndinalowanso koyamba kumalo osungira nyama zakutchire a Lengwe, n'kuona nyala ndi maso anga, ine wobadwira pafupi pomwepo amene ndakhala ndikungodutsa pachikwangwani chake pa minibasi.

Tsono Lamlungu ndi ulendo: kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, kukwera zikweza za Chikwawa makutu akutsekeka, Blantyre, kenaka basi ya ku Lilongwe mpaka ndikaone phiri la Bunda. Juzi ndaika pamwamba m'chikwama, chifukwa kumeneko anzanga akamati kwatentha ine ndimakhala ndikunjenjemera. Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wa kasungidwe ka ufa wa malambe, ndipo musadabwe. Ndikamaliza sindikufuna kuzungulira ndi envelopu m'maofesi a ku Lilongwe. Ndikufuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti jusi wathu alowe m'mashopu akuluakulu, kanyumba kopangiramo zinthu pa Ngabu pompano, ndi makina ofinyira mafuta ku nthanga zimene pakali pano timangotaya kudzala. Bwemba ndi masau nazonso zikundiyang'ana. Ndipo ngalande yaikulu yothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, madzi ake akadzafika m'minda ya anthu, zipatso zikadzachuluka, ndikufuna adzapeze wozigula ali kale pano.

Zikomo ndiye ndili nazo zambiri. Agogo, amene mpaka lero mumati ndi chakudya cha anyani koma simulola wina kugwira munsi wanu. Bambo, amene simunandinenepo ngakhale kamodzi za mbuzi zija. Ziwiri ndabweza, yachitatu ikubwera Khirisimasi isanafike. Mayi, amene ndinu bizinesi yeniyeniyo ine ndikakhala kusukulu. Mng'ono wanga, wolemba m'kope botolo lililonse. Amayi a banki m'khonde. Akabaza a pa Ngabu amene mumanyamula mabokosi athu pangongole mpaka madzulo. Makondakitala a minibasi amene mumafikitsa katundu ku Blantyre osasowa ngakhale paketi imodzi. Anzanga a kuhositelo amene munagula ufa woyamba uja, wosasefeka bwino, n'kumanama kuti ndi wokoma. Aphunzitsi anga amene munandilola kuyeza ufa wanga mu labu. Makasitomala athu a ku Nsanje ndi ku Bangula, ndithokoze m'Chisena: takhuta kwene.

Ine ndikupita koma jusi sakupita. Ndi filiji yatsopanoyi, wozizira azipezeka tsiku lonse pa Ngabu, magetsi alipo kaya palibe, ndipo masiku a msika tizifikanso pa Nchalo ndi pa Dyeratu. Ufa wa malambe wosefa kawiri ulipo m'mapaketi a theka la kilo ndi kilo imodzi, wabwino kuphala la ana chifukwa malambe ali ndi vitamini C wambiri. A ku Blantyre timatumiza pa minibasi, a ku Lilongwe ndibwera nawo ndekha m'chikwama, koma lembani mu inbox pofika Loweruka masana chifukwa malo ndi ochepa. Kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba. Za maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo tiuzeni kukadali sabata imodzi, ndipo ngati ndi kutsidya, nenani msanga tikambirane ndi wopalasa uja.