Kuchoka pa Pulatifomu Osataya Anthu Ako

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, chifukwa nkhani ya mapulatifomu (malo ochezera pa intaneti) opanda mwini mmodzi, imene yakhala ikundizunguza mutu m'phunziro la netiweki, yayamba kundilowa bwino. Ndikamati maseva, ndikutanthauza makompyuta amene amasunga ndi kutumiza zinthu za pa intaneti.

Ambiri amayeza ufulu wa pulatifomu poona kuchuluka kwa maseva ake, koma Facebook ili ndi maseva osawerengeka, ndipo onsewo anasowa pa intaneti kwa maola pafupifupi 6 pa 4 October 2021, njira zake za BGP, zimene zimauza manetiweki ena kumene angapeze maseva ake, zitachotsedwa chifukwa cha kulakwitsa kumodzi pokonza netiweki. Funso limene landitsegula maso ndi lakuti: kodi munthu angachoke pamalo amene sakukondwera napo n'kutenga anthu ake? Elon Musk atagula Twitter mu 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, anthu ambiri anafuna kusamuka, koma owatsatira awo anali omangidwa mkati mwa kampaniyo. Pa Mastodon, pulatifomu ya maseva ambiri oyendetsedwa ndi anthu osiyanasiyana, imene Eugen Rochko anaiyambitsa mu 2016 ndipo imagwiritsa ntchito ActivityPub (ndondomeko yolola maseva osiyana kulankhulana), ukasamukira ku seva ina okutsatira amabwera nawe, ngakhale kuti zolemba zako zakale zimatsala kumene wachokako. Bluesky, pulatifomu ina yofanana ndi Twitter, inayesa kuthetsa vutoli posiyanitsa chizindikiro cha munthu ndi seva imene ikusunga zinthu zake, komabe ogwiritsa ntchito ambiri amadalirabe zida zimene kampaniyo ikuyendetsa.

Chimene chinandithandiza ndi pepala ndi pensulo. Ndimajambula ulendo wa uthenga umodzi kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, ndipo pa malo alionse amene uthengawo ukudutsa ndimalemba dzina la amene ali ndi mphamvu youimitsa. Ndikukhulupirira kuti palibe mutu wa netiweki umene njira imeneyi ingalephere kuumasula, ndipo imaposa kuwerenga machaputala angapo.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuti aphunzitsi athu anathera nthawi yochuluka pa blockchain (kaundula amene amasungidwa pa makompyuta ambiri nthawi imodzi), pamene imelo anangoidutsa mothamanga, ife n'kumalemba mayeso tisanakambirane n'komwe. Chikhalirecho imelo ndiyo ili ndi phunziro lonse. SMTP, ndondomeko imene maseva amatumizirana nayo imelo, ndi yotseguka kuyambira 1982, aliyense akhoza kukhazikitsa seva yake, koma makalata ochokera ku seva yaing'ono yosadziwika kawirikawiri amaponyedwa m'gulu la sipamu (makalata osafunika) ku Gmail kapena ku Outlook, moti mphamvu yabwerera kwa makampani ochepa popanda lamulo lililonse kusintha. Google inachitanso zofanana mu 2013 itachoka pa Google Talk, pulogalamu yake yochezera imene inkalumikizana ndi maseva ena kudzera mu ndondomeko yotseguka ya XMPP, n'kupita ku Hangouts, imene sinkalumikizana nawo.

Apa ndiye pamene maganizo anga akulendewera. Threads, pulatifomu ya Meta (kampani imene ili mwini wa Facebook), inayamba kulumikizana ndi ActivityPub mu 2024, ndipo sindikutha kuona ngati zimenezi zidzalimbitsa maseva aang'ono amene anthu odzipereka akuyendetsa ndi ndalama za m'thumba mwawo, kapena zidzawameza monga mmene zinachitikira ndi imelo. Pepala langa limaonetsa amene ali ndi mphamvu lero, koma silikundiuza kuti odziperekawo adzapirira mpaka liti ntchito yolemetsa yochotsa sipamu ndi mauthenga achipongwe.