Namondwe ndi ntchentche za dzinja lino: pamene tafika mu Febuluwale

Febuluwale akupita kumapeto, ndipo kuno ku Gauteng, m'dziko la South Africa, iyi ndi nyengo imene woweta hatchi aliyense amagona khutu lili kukhola. Mvula yagwa yokwanira, masana dzuwa likuswa mtengo, udzu wa kikuyu wabiriwira, ndipo chilichonse chouluka chimene chimamwa magazi chaswana. Ndilembe pamene tafika ine ndi Namondwe, hatchi yanga yoderapo imene inapuma pa mipikisano yothamanga. Ndimaisungitsa pa puloti ina kufupi ndi Kyalami. Ndi ya mtundu wa Thoroughbred, wa khungu lopyapyala, moti ntchentche ikangoluma pamatuluka kachotupa nthawi yomweyo.

Ntchentche zimene timaziona ndi maso, zija zimachititsa hatchi kupukusa mutu ndi kukupiza mchira tsiku lonse, zimasowetsa mtendere koma si zimene zimandisowetsa tulo. Chimene ndimaopa ndi tintchentche ting'onoting'ono, totalika mamilimita 1 mpaka 3, timene m'makola kuno amangoti midge ndipo akatswiri amati Culicoides. Timaluma dzuwa likamalowa, usiku ndi m'bandakucha, ndipo ndi timeneti timanyamula kachilombo ka matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness. Matendawa alibe mankhwala ochiza. Akagwira mahatchi osabayidwa katemera, mwa 10 alionse amafa 7 mpaka 9. Abulu amapirira, ambiri amachira, ndipo mbidzi zimangonyamula kachilomboko m'magazi osadwala n'komwe. Mu 1854 ndi 1855 mliri umenewu unapha mahatchi pafupifupi 70,000 ku Cape, anthu asakudziwa chimene chikufalitsa. Ankaganiza kuti ndi mame kapena mpweya wa usiku, choncho ankatsekera ziweto zawo m'khola kukada, ndipo zinkathandizadi ngakhale chifukwa chake sankachidziwa. Mpaka mu 1944 ndi pamene katswiri wina dzina lake du Toit, wa ku malo ofufuzira matenda a ziweto a Onderstepoort, anaonetsa kuti wofalitsa ndi Culicoides.

Katemera tinathana naye dzinja lisanayambe. Amabwera m'mabotolo awiri, ndipo pakati pa jakisoni woyamba ndi wachiwiri pamadutsa masabata atatu. Nthawi yake ndi kuyambira 1 Juni mpaka 31 Okutobala, pamene tintchentcheti tili tochepa, chifukwa m'katemeramo muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Kachilombo ka matendawa kali ndi mitundu 9, ndipo m'mabotolo awiriwo muli mitundu 7. Mtundu wa 5 ndi wa 9 mulibe, amadalira kuti chitetezo cha mitundu ina yofanana nayo chigwira ntchito. N'chifukwa chake sindimvana ndi anzanga amene amati hatchi ikabayidwa basi zatha. Katemera amachepetsa ngozi kwambiri, koma hatchi yobayidwa imathabe kudwala, makamaka yaing'ono imene sinabayidwe zaka zingapo motsatizana.

Novembala ndi Disembala

Miyezi iwiriyi inathera pa khola. Alangizi a ziweto amati hatchi ilowe kutatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe, ndipo isatuluke mpaka patapita maola awiri dzuwa litatuluka. Kunena n'kosavuta. Madzulo ndi nthawi imene kunja kwazizira bwino, hatchi ikufuna kudya msipu, nanunso mwangoweruka kuntchito ndipo mukufuna kukwerako pang'ono. Ndinasiya kukwera madzulo mpaka chisanu chidzagwe. Ndimakwera Loweruka ndi Lamlungu cha m'ma 9 koloko m'mawa, mame atauma.

Khola lotsegula mazenera ndi chimodzimodzi kugona panja. Tinakhoma neti yamthunzi ya 80 peresenti pa zenera, pamwamba pa chitseko, ndi pa mpata umene umatsala pakati pa khoma ndi malata. Mpata umenewu ndi umene anthu ambiri amaiwala. Neti ya udzudzu wamba sikwanira, tintchentcheti timadutsa m'mabowo mwake. Neti yathu timaipopera mankhwala a cypermethrin nthawi ndi nthawi, hatchi ili panja. Vuto linabwera ndi kutentha: khola lotsekedwa chonchi limasunga thukuta ndi fungo la mkodzo, ndipo Namondwe ankatuluka m'mawa khosi lili chinyezi. Tinamangirira fani pamwamba, pomwe sangafike ndi mano, waya tinaulowetsa m'paipi. Faniyo ikugwira ntchito ziwiri. Ikuziziritsa, komanso Culicoides sauluka bwino pamphepo, moti mpweya ukamayenda satera pamsana. Magetsi akazima timatsegula theka la chitseko koma neti ili yotseka. Babu la m'khola timazimitsa usiku chifukwa kuwala kumatiitana.

Amene amayang'anira makola pa pulotipo ndi bambo wina wachikulire wa kwathu ku Mangochi, amene wasamalira mahatchi m'dziko muno kuyambira ndisanabwere ine. Tsiku lina tikukhoma netiyo anandigwira dzanja n'kuliika pamwamba pa diso la Namondwe, pamene pali kadzenje. "Achimwene, apa muzipaona tsiku lililonse. Timaenje tiwiriti tikadzadzaza n'kutupa, musadzadikire kuti kuche, muimbireni dokotala pomwepo." Umenewo ndi mtundu wa matendawa umene amati dikkop, wogwira mtima, wotupitsa mutu ndi khosi. Winawo ndi dunkop, wogwira mapapo. Iwo anauonapo ndi maso: hatchi imaima miyendo yakutsogolo itatangadza, khosi litatambasuka, mphuno zili bwanthu kufuna mpweya, kenako thovu limatuluka m'mphuno ndipo pakangopita maola ochepa yagwa. Ankafotokoza motsitsa mawu, ndipo sindinawafunse kuti inali hatchi ya ndani.

Kuchokera tsiku limenelo pachitseko pali kabuku. M'mawa ndi madzulo timayeza kutentha kwa thupi n'kulemba. Hatchi yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Kutentha thupi kumayamba kutupa kusanaoneke, choncho thermometer ndi imene imayamba kukuuzani. Tinagwirizana kuti ikafika 39, iwo aimbe foni kwa dokotala wa ziweto asanaimbire ine. Mpaka lero nambala yokwera kwambiri m'kabukumo ndi 38.4, ndipo linali tsiku lotentha kwambiri.

Januwale

Apa ndi pamene ndinagwira ntchito imene ndikuona kuti yapindula kuposa zonse, ndipo sinafune botolo la mankhwala. Mtundu wa Culicoides imicola, umene umafalitsa kwambiri matendawa, suswana m'madzi oima ngati udzudzu. Umaikira mazira m'dothi lonyowa losakanikirana ndi ndowe ndi zinyalala zowola, pamene dzuwa limafikapo. Ndinazungulira mpanda wonse ndikuyang'ana pansi. Kuseri kwa chomwera madzi mpopi unkadontha pang'onopang'ono, ndipo udzu wa pamenepo unali wobiriwira kuposa pena paliponse. Nditapondapo ndi jombo, madzi akuda anatumphuka m'mbali mwa phazi, fungo la matope owola n'kukwera. Malo ake sanali aakulu, mwina ngati mphasa imodzi, koma ali mamita ochepa chabe kuchokera pamene Namondwe amaima masana. Tinasintha wasala wa mpopi, tinakumba matopewo n'kukataya kutali, tinathira miyala ya kwale, ndipo tinakumba kangalande kotengera madzi osefukira kunja kwa mpanda. Malo otsukira mahatchi tinawachitanso chimodzimodzi. Panopa mvula ikagwa masana, pofika mawa lake pauma.

Ntchito yomweyi inathandizanso pa ntchentche za m'khola, zija zimaoneka ngati ntchentche wamba koma zili ndi kamlomo kosongoka kutsogolo. Akatswiri amati Stomoxys calcitrans. Zimenezi zimaluma masana, zazimuna ndi zazikazi zomwe, ndipo zimakonda miyendo ndi kumimba. Kumayambiriro kwa mwezi miyendo yakutsogolo ya Namondwe inali ndi timadontho ta magazi ouma kuyambira pabondo mpaka pachiboda, ndipo ankaponda pansi mwamphamvu kosalekeza mpaka nsapato imodzi inagwedera misomali. Ntchentchezi zimaswana mu udzu wouma umene wagwa pansi n'kunyowa ndi mkodzo ndi mvula. Pansi pa modyera udzu nditafukula ndi fosholo, m'kati munali motentha ndipo mphutsi zoyera zinali nyakanyaka. Kukatentha, kuchokera pa dzira kufika pa ntchentche youluka pamatenga masabata awiri kapena atatu basi, ndiye mukalekerera mulu umodzi mwezi wathunthu mwaweta mibadwo iwiri. Tsopano zotsala za udzu zimasesedwa tsiku lililonse, ndowe zimatoledwa m'mawa ndi madzulo pa wilibala, ndipo mulu wa manyowa tinausamutsira kumapeto kwa puloti n'kuufunditsa pulasitiki wakuda kuti kutentha kuphe mphutsi. Zotsatira sizinaoneke msanga. Sabata yoyamba ndi yachiwiri zinali chimodzimodzi, chifukwa zimene zinaswa kale zinali zikadali moyo. Chakumapeto kwa mwezi kuponda kuja kunachepa, ndipo wokhoma nsapato atabwera anapeza zonse zinayi zili zolimba.

Kumaso amavala chigoba cha neti masana, chifukwa ntchentche wamba zimaunjikana m'makona a maso kumwa misozi ndipo zimatha kusiya tinyongolotsi ta Habronema pa zilonda. Timachivula madzulo alionse n'kuona ngati chakhula kuseri kwa makutu. Chofunda cha neti cha thupi lonse ndimamuveka masiku a mitambo okha. Dzuwa likawala amatuluka thukuta m'kati mwake, ndipo thukutalo limaitananso ntchentche.

Febuluwale

Mwezi uno kwabuka ntchentche zikuluzikulu za maso obiriwira, za banja la Tabanidae, zochokera kudambo la kumunsi. Zazikazi zokha ndi zimene zimaluma, ndipo sizibaya ngati udzudzu, zimacheka khungu n'kumanyambita magazi. Namondwe akamva kulira kwake amanjenjemera khungu lonse ndipo amafuna kuthawa, zimene n'zoopsa munthu uli pamsana. Zimenezi mankhwala opopera sizisamala nawo kwenikweni, zimasaka ndi maso, kufuna chinthu chakuda, chofunda, choyenda. Ndiye ndapanga msampha. Ndinatenga mpira waukulu wochitira masewera olimbitsa thupi, ndinaupaka penti wakuda, n'kuupachika pa chingwe kuti uzilendewera mphepo ikaomba. Pamwamba pake pali neti yosokedwa ngati fanulo yozondoka, yothera m'botolo la pulasitiki la madzi a sopo. Mpira ukatenthedwa ndi dzuwa, ntchentche imaterapo poyesa nyama, ikalephera kupeza magazi imauluka chokwera n'kulowa m'botolo. Ndinauika padzuwa, pakati pa dambo ndi mpanda, kunja kwa waya kuti mahatchi asausewere. Ukugwira. Ndikakhuthula botolo Loweruka pansi pake pamakhala pakuda. Sindinganene kuti zatha, koma zimene zikufika pa hatchi zachepa moti ndikutha kumukwera momasuka.

Mnzanga wina akufuna kugula chofunda cha mizeremizere ngati mbidzi. Nzeru yake ili ndi maziko: pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019, wasayansi Tim Caro ndi anzake anaveka mahatchi zofunda zotere pa famu ina ku Somerset, ku England, ndipo anapeza kuti ntchentche zikuluzikuluzi zimalephera kutera bwino pa mizereyo. Ndamuuza kuti agule ngati ndalama ilipo, koma asaiwale kuti kafukufukuyo anali wa ntchentche za masana. Za tintchentche ta usiku mizere siinenapo kanthu.

Mankhwala opopera ndikugwiritsa ntchito, koma ndawaika kumapeto dala. Madzulo asanalowe m'khola timamupaka okhala ndi DEET kumimba, m'khosi, m'mphepete mwa makutu ndi patsinde pa mchira. Kumaso timapaka ndi kansalu, sitipopera. Mankhwala atsopano alionse timayamba tayesa pa kamalo kakang'ono paphewa n'kudikira tsiku lathunthu. A citronella amanunkhira bwino koma thukuta likangotuluka atha mphamvu. Amene muli ndi amphaka m'makola samalani ndi mankhwala a permethrin, amapha mphaka.

Chimodzi ndikufuna abale anga amene munazolowera ng'ombe kumudzi mumve bwino. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz musadzayerekeze kuthira pa hatchi. Amapha nkhupakupa pa ng'ombe bwinobwino, koma pa hatchi amaimitsa matumbo, ndowe zimauma m'kati, m'mimba mumapotokola, ndipo ina imafa. Mnyamata wina watsopano pa puloti yoyandikana nafe anabwera ndi botolo lotere ndi mtima wofuna kuthandiza, poti kwawo amatero ndi ng'ombe. Mwamwayi anayamba wafunsa bambo aja. Werengani chizindikiro cha pabotolo, ndipo ngati sipanalembedwe hatchi, libwezeni pashelefu.

Zatsala ndi izi. Malichi ndi Epulo ndi miyezi imene matendawa amafika pachimake, ndipo ngozi imatha pokhapokha chisanu choyamba chikagwa, chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Neti ya pazenera yayamba kung'ambika pakona pamene Namondwe amakhulapo mphuno, ndiisintha Loweruka likubwerali. Nkhani yovuta ndi ng'ombe za aneba athu, zimene zimadya kutsidya kwa waya. Mtundu wina wa tintchentcheti, Culicoides bolitinos, umaswana m'ndowe za ng'ombe, ndipo umalowa m'makola mosavuta kuposa unzake uja. Ng'ombe si zanga, malonso si anga. Ndapempha mwini puloti yathu kuti tipite limodzi tikacheze nawo, tikawapemphe ngati angalole kuti ng'ombezo zizigona kumtunda, kutali ndi makola, mpaka Meyi. Ngati avomera, ine ndi bambo aja tadzipereka kukathandiza kusamutsa mpandawo.