Kababu kapsa, kabati yakiyidwa

Lachinayi usiku, Chitakale.

Chiperoni chagwira kuyambira m'mawa, phiri silinaoneke tsiku lonse, ndipo mawu a aphunzitsi a Physics akundizungulirabe m'mutu. Anandipeza m'labu ana atangotuluka, atanyamula pachikhatho kababu ka LED kofiira kamene kapsa lero pa gulu lachinayi. "Mwaona Madamu? Lero ndi aka, mawa ndi bolodi yathunthu. Mukawauza chiyani ahedi?" Maganizo awo ndi oti mabolodi 6 a Arduino Uno amene tili nawo, timakompyuta ting'onoting'ono tolamulira zinthu monga mababu ndi timamota, azikhala m'kabati, izituluka imodzi yokha, mphunzitsi azionetsa kutsogolo ana akuonerera.

Sindikuwaona kulakwa pochita mantha. Zida zambiri za m'labu muno zilipobe chifukwa cha iwo, ndipo Arduino sungaipeze m'sitolo za pa Chitakale kapena pa Limbuli. Koma ndinawapempha kuti tipite pa tebulo paja, popeza breadboard, kapulasitiki ka timabowo kobayapo zida ndi mawaya, inali isanamasulidwe.

Mtsikana wa Fomu 2 amene analumikiza sanaiwale resistor ayi, kachida kochepetsa magetsi olowa m'kababu. Anaiika ndithu, ya 220 ohms, ya mizere iwiri yofiira ndi umodzi wa bulawuni. Cholakwika chinali malo. Pa breadboard timabowo tisanu ta mumzere umodzi ndi tolumikizana kale kunsi ndi kachitsulo. Iye anabaya miyendo yonse iwiri ya resistor mumzere womwewo, waya wochokera pa 5V momwemo, mwendo wautali wa LED momwemonso. Magetsi anangodutsa m'kachitsulo kakunsi kaja, resistor n'kuilambalala, ndipo 5V yonse inagwera kababu kamene kamafuna pafupifupi 2V basi. Kanawala mwamphamvu kamphindi, kenako kanada mkati, kafungo ka pulasitiki n'kumveka. Bolodi ilibe vuto lililonse. Ndinailumikiza pamaso pawo, kababu kake ka pa pin 13 (mapini ndi timabowo ta m'mbali mwa bolodi tolumikizapo mawaya) kanayamba kuphethira monga kale.

Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, apa pali phunziro lanu lomwe la Ohm." Pa 5V tichotsepo 2V ya kababu, patsala 3V. Tigawe 3 ndi 220, tipeza pafupifupi 14 mA (muyeso wa magetsi oyenda m'waya), ndipo LED wamba imafuna osapitirira 20 mA. Mwana amene waona kababu kakupsa m'manja mwake sadzafunsanso kuti resistor ndi yachiyani. Iwo anangogwedeza mutu n'kuti, "Chakudza sichiimba ng'oma, Madamu."

Koma pa Arduino chakudza chimadziwika, ndipo n'zimene ndinalephera kuwafotokozera modekha chifukwa mtima unali utakwera kale. Zimene zimapha Uno si zambiri. Kupereka magetsi oposa 5V pa pin, monga kulumikiza batire ya 9V pa pin 7. Kutembenuza waya wa + ndi wa − pa Vin, pin yolowetsera magetsi a batire, chifukwa kabowo kozungulira ka adaputala kali ndi diode yoteteza, kachida kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, pomwe Vin ilibe. Kulumikiza kamota molunjika pa pin, pomwe pin imodzi inapangidwira 20 mA ndipo 40 mA ndiye malire ake enieni, choncho mota imafuna transistor, kachida kogwira ntchito ngati swichi, ndi diode pakati. Kugunditsa pin ya OUTPUT, yotulutsa magetsi, ndi GND, imene ili mbali ya −. Ndiponso kuika bolodi pa chinthu chachitsulo, kaya mbale ya sikelo kaya lumo, chifukwa kunsi kwake kuli nsonga zowotcherera zosaphimbika. Ngakhale shoti ya 5V ndi GND, imene ana amachita kawirikawiri, nthawi zambiri siipha, chifukwa Uno ili ndi fuse ya 500 mA pa USB imene imadula yokha n'kubwerera ikazizira. Zonsezi zimakwana pa pepala limodzi lomata pa tebulo. Sabata zoyamba ndimangochotsa mabatire ndi timamota m'bokosi, magetsi azichokera pa USB yokha, ndiye zoopsa zazikulu zachoka kale.

Ndipo ana sitinawaponyere mawaya tsiku loyamba. Sabata yatha anayamba ndi Blink, pulogalamu yophethiritsa kababu, popanda waya ngakhale mmodzi, kababu ka pa bolodi kokha. Gulu lililonse linasintha delay(1000) kukhala delay(100), kenako 50, kenako 10, kufikira diso litasiya kuona kuphethira. Apo ndi pomwe amamvetsa kuti 1000 ndi sekondi imodzi, ndi kuti nambala imene alemba iwo ndi imene ikulamula chinthu chooneka. Zovuta za tsiku limenelo zinali za pa kompyuta: kuiwala semicolon, kulemba digitalwrite ndi w wamng'ono, kusasankha Port, polumikizira bolodi, pa menyu ya Tools. Mabolodi athu ndi aja otsika mtengo okhala ndi chip ya CH340, ndipo laputopu yopanda driver yake siiona bolodi n'komwe. Driver imeneyo pamodzi ndi Arduino IDE, pulogalamu ya pa laputopu yolembera malamulo a bolodi, ndimazisunga pa flash, popeza netiweki ya kusukulu si yodalirika ndipo IDE ikaikidwa sifunanso intaneti. Chinanso, mukalumikiza kanthu pa pin 0 kapena pin 1, upload, kutumiza pulogalamu ku bolodi, imatha kukana, chifukwa mapini amenewo ndi omwe bolodi imalankhulira ndi kompyuta. Ndimawamata ndi katepi.

Lamulo la lero linali limodzi: zula chingwe cha USB usanagwire waya, ndipo mnzako aone kaye usanabwezere. Gulu lachinayi linatsata lamuloli. Mnzake anaona, anawerenga mitundu ya resistor, anaona mwendo wautali uli mbali ya 5V, n'kuvomereza. Sanaone cholakwika chifukwa palibe mmodzi mwa iwo anaonapo kunsi kwa breadboard. Apa mlandu ndi wanga. Ndinajambula mizere ndi choko, koma chojambula sichilowa m'mutu ngati chogwira. Ndinayenera kutenga breadboard imodzi yakale, kusenda pepala lomata la kunsi kwake kuti tizitsulo tioneke, tifupitifupi ta mabowo asanu ndi titalitali ta m'mbali, ndi mpata wa pakati umene umalekanitsa mbali ziwiri. Ndikanaiyendetsa m'manja mwa aliyense mphindi zisanu, kababu kaja kakanakhala kamoyo.

Zoonetsera kutsogolozo ndimazidziwa mathero ake. Bolodi ya Uno ndi yochepa kuposa chikhatho. M'kalasi ya ana 54, oona ndi a mabenchi awiri akutsogolo, ndipo ngakhale iwo akuona zala za mphunzitsi. Kale pa gulu la ana 9 ndi bolodi imodzi pamakhala nkhondo, anyamata awiri amalanda laputopu atsikana n'kukhala alembi. N'chifukwa chake ndinagawa ntchito: wolumikiza, woona, wolemba pulogalamu, wojambula dera m'kope, ndipo pakatha mphindi 10 amasinthana. Mtsikana uja inali nthawi yake yoyamba kukhala wolumikiza.

Kabati imene akunenayo ili pa khoma la kum'mawa, limene limatuluka thukuta nyengo ino. Kuno ku Mulanje chinyezi chimadya zitsulo mwakachetechete. Mawaya a jumper amene anakhala m'menemo chaka chatha nsonga zake zinachita dzimbiri, ndipo waya wadzimbiri ndi woipa kuposa woduka, chifukwa pena agwira pena ayi, mwana n'kumasakasaka cholakwika mu pulogalamu yomwe ili bwinobwino. Ngati mabolodi akhale m'kabati, akhale m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel timene timapezeka m'mabokosi a nsapato. Izi ndinawauza, ndipo apa pokha anavomera.

Kenako anakiya kabati, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Akuti tikambirane ndi ahedi Lolemba.

Chimene chandisowetsa tulo si kiyiyo kwenikweni. Potuluka ndinapeza mtsikana uja ataima pakhonde, juzi itanyowa ndi mawawa, anzake atapita kale. Anamva zonse. Anandifunsa motsitsa mawu, "Madamu, ndilipira zingati?" Ndinamuuza kuti palibe cholipira, kuti m'paketi muli ma LED ena ambirimbiri ndipo anagulidwa podziwa kuti ena adzapsa. Ndinamufunsa ngati wadziwa chimene chinalakwika. Anati resistor inali yaing'ono. Ndiye kuti sanamvebe, ndipo wapita kwawo akudziona ngati woononga katundu wa sukulu. Ndinafuna kumubweza m'labu kuti asunthe mwendo umodzi wa resistor kupita mzere wina, aike kababu katsopano, aone kakuyaka ndi dzanja lake lomwelo. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Koma zonse zinali m'kabati.

Mawa ndinakonza za LDR, resistor yomva kuwala. Mwendo umodzi pa 5V, winawo pa pin ya A0, ndipo kuchokera pa A0 resistor ya 10k kupita pa GND. Akatsegula Serial Monitor, zenera la pa laputopu loonetsa zochokera ku bolodi, pa liwiro la 9600, amaona nambala za pakati pa 0 ndi 1023 zikutsika akaphimba ndi dzanja, zikukwera akaunikira ndi tochi ya foni. Ndi mdima wa chiperoni uno zikanakoma, akanayerekeza pawindo ndi pakona, n'kusankha okha nambala imene kababu kayambe kuyakira, monga nyale za panja zoyaka zokha madzulo. Magetsi akathima ndinakonza mabatire a AA 6 olowera pa kabowo kozungulira, chifukwa ma power bank ambiri amazima okha akaona kuti bolodi ikukoka mphamvu yochepa, ndipo pulogalamu ikalowa kale m'bolodi siichoka ngakhale magetsi athime.

Breadboard yakale ija ndili nayo pano patebulo, ndasenda theka, guluu akumata zala. Mwina ndipite m'mamawa ndikawapeze aphunzitsi asanalowe m'kalasi, ndikapemphe bolodi imodzi yokha ndi LED imodzi, ya mtsikana uja. Kaya akavomera Lolemba lisanafike.